Mphasa Sichiritsa, M'bwezereni Njinga Yake

Anzanga, sabata ino ndabwera ndi mlandu, ndipo woimbidwa mlanduwo si boma lokha ayi. Ndi ifeyo kumudzi kuno: azakhali achifundo, ana aulemu, akuluampingo obwera ndi nyimbo ndi botolo la Sobo kudzazonda matenda. Mlandu wake ndi wakuti tikulumaza anthu amene achipatala anawapulumutsa kale. Tikuwalumaza ndi mphasa komanso ndi mawu okoma aja akuti "mupumule, musadzivute", pamene chida chimene chikanawadzutsa changotsamira khoma pakhonde pomwepo, matayala ataphwa. Ndikunena njinga yakapalasa.

Aliyense wodziwa chigwa cha Domasi akudziwa kuti kuno moyo umayenda pa matayala awiri. Kuchokera pa Mishoni m'tsinde mwa phiri, kutsika mpaka kumsewu wa tala, kukafika pa Songani, njinga ndiyo imasenza makala, nkhuni, mpunga ndi matemba ochokera cha ku Chilwa, ana asukulu ndi amayi oyembekezera. Munthu akadwala, ndi njinga yomweyo imamufikitsa ku H. Parker Sharp pa Mishoni, ku Domasi Rural, kapena ku St Luke's ku Malosa. Koma taonani zimene zimachitika akatuluka m'chipatala. Chinthu choyamba kumulanda ndi njinga yake. Mwana wa mlongo wake amaitenga kuti "ndizikusungirani, malume", kapena imagulitsidwa kuti abweze ngongole ya thiransipoti. Mwiniwake timamuyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango n'kumuuza kuti ntchito yake yatsala ndi kudya phala.

Tiyambe ndi mphasayo. Timaiona ngati malo amtendere, chikhalirecho imadya thupi mwakachetechete ngati chiswe. Mu 1966, ku Dallas m'dziko la America, madokotala anatenga anyamata asanu a zaka 20, athanzi lawo, n'kuwagoneka pabedi masabata atatu osadzuka. Atawayeza, mphamvu ya mtima ndi mapapo awo inali itatsika ndi gawo loposa limodzi mwa magawo anayi. Patapita zaka 30 anawaitananso anthu omwewo, tsopano ali madoda a zaka 50, n'kupeza kuti zaka 30 za kukula sizinawafoole ngati mmene anawafoolera masabata atatu aja. Amenewo anali anyamata osadwala n'komwe. Nanga bambo wa zaka 60 amene tamugoneka chichokereni mwezi wa Epulo, lero tili mu Okutobala?

Munthu wongogona minofu yake imaphwa, mawondo amauma, magazi amatha kuundana m'mitsempha ya m'miyendo, chibayo chimapeza polowera, pamsana ndi m'matako mumabuka zilonda. Mtima nawo umagwa, chifukwa munthu amene ankadzuka m'mamawa kukagula nsomba ku Kachulu tsopano akupempha mwana kuti amubweretsere chitini chokodzeramo. Ife tikaona wafooka timati matenda akula, ndiye tiwonjezere kupumula. Akafookeratu timati chinali chifuniro cha Mulungu. Akulu akale anati chifundo chinapha nkhwali, ndipo ankadziwa chimene ankanena.

Amene anakhalapo gadiyani mu wodi ya othyoka mafupa andichitira umboni. Fupa la ntchafu likathyoka, ambiri kuno sachitidwa opaleshoni. Amawakoka mwendo ndi chingwe chomangirira zolemera, ali chigonere masabata 6 kapena kuposa. Fupa limagwirana ndithu, tithokoze manja a achipatala. Koma mwendo umatuluka wowonda ngati bango, bondo louma ngati chikuni. Wina amuchotsa chikhakha, phazi likukana kupindika. Amapatsidwa ndodo, mapanado ndi tsiku lobweranso, n'kumuuza kuti "muzichita mafizo".

Achitire kuti mafizowo? Akatswiri ake muwapeza ku chipatala chachikulu cha Zomba, ku Queen Elizabeth, kapena ku Kachere ku Blantyre, malo a bungwe la MAP lomwe linayamba mu 1979 polimbana ndi poliyo. Kuchoka ku Domasi kukafika ku Kachere ndi makilomita oposa 70. Dziko lathu linayamba kuphunzitsa digiri ya mafizo mu 2010 ku College of Medicine, dzulodzuloli, ndiye akatswiriwo akadali ochepa ndipo ambiri ali m'tauni. Tsono mafizo sali ngati jekeseni yobaya kamodzi n'kuiwala. Amafuna lero, mawa, mkuja, miyezi ndithu. Banja lodalira dimba la tomato lingalipire minibasi ya anthu awiri, wodwala ndi womuperekeza, kangati pamwezi? Ulendo woyamba amapita. Wachiwiri amakongola. Wachitatu amati aaa, basi, Mulungu adziwa. Apa ndi pamene mphasa imapambana.

Tsopano tamverani zimene njinga imachita. Munthu akaimirira, thupi lonse limalemera pa mawondo ndi akakolo. Akakhala pachishalo, katundu wambiri amasenza ndi chishalocho, mwendo n'kumagwira ntchito popanda kupsinjika. Kupalasa kumapinda ndi kuwongola bondo mofanana, kambirimbiri, mopanda kugunda pansi ngati pothamanga. Minofu ya ntchafu, imene imayamba kuphwa munthu akagona, ndi yomweyo imadzuka akamapalasa. N'chifukwa chake mukalowa m'chipinda cha mafizo, kaya ndi ku Blantyre kaya ku Johannesburg, simulephera kupezamo njinga yosayenda, yongopalasa pamalo amodzi. Chipangizo chimene anzathu amachiitanitsa kunja ndi ndalama zankhaninkhani, ife tili nacho pafupifupi khomo lililonse, koma timachiona ngati bulu wonyamula makala basi.

Nkhani ya sitiroko ndiye imandiwawa kwambiri. Munthu akafa ziwalo mbali imodzi, kukamwa kutapotoka, mudzi wonse umayamba kunong'ona kuti amumenya ndi hamala ya afiti. Amayamba kuyenda naye kwa asing'anga, kumutema mphini, kuloza zala agogo osalakwa. Chikhalirecho chachitika n'chakuti mtsempha wa mu ubongo watsekeka kapena waphulika, nthawi zambiri chifukwa cha BP imene sinayezedwe. Ubongo umatha kuphunziranso kulamula mwendo wakufawo, koma umaphunzira mwa kubwereza, ndipo umaphunzira msanga m'miyezi yoyambirira, makamaka itatu yoyamba. Miyezi imeneyo ndi imene timaitaya posaka mfiti. Pa njinga, mapedulo awiri ndi olumikizana: mwendo wabwino ukakankha, wofookawo umazungulira nawo, ufune usafune. Kumeneko ndi kuphunzitsa mwendo. Pempherani ndithu, palibe akukuletsani, koma mukati ameni muikeni munthuyo pa mapedulo.

Si othyoka ndi a sitiroko okha. Wa matenda a shuga akamapalasa, minofu imakoka shuga m'magazi n'kumugwiritsa ntchito. Wa BP, kupalasa pang'onopang'ono masiku ambiri pasabata kumathandiza kuitsitsa, limodzi ndi mankhwala ake. Amene wamaliza miyezi 6 ya mankhwala a chifuwa chachikulu amauzidwa kuti wachira, koma ochita kafukufuku ku Blantyre apeza kuti ena ochuluka ndithu amatsala ndi mapapo ovulala, akangokwera kamtunda phuma. Oterowo amafunika kuzoloweretsanso thupi ntchito, osati kulibisa m'nyumba. Bungwe la WHO limalangiza mphindi zosachepera 150 pasabata zolimbitsa thupi mosapyola muyeso kwa munthu wamkulu, ndipo silichotserapo odwala matenda okhalitsa. Kale madokotala ankagoneka wodwala mtima masabata ambiri, monga timachitiramu. Pulezidenti wa America, Dwight Eisenhower, atadwala mtima mu 1955, dokotala amene anaitanidwa kudzamuona anali Paul Dudley White wa ku Boston, mkulu wokonda njinga amene ankalalikira kuti mtima umafuna kuyenda. Lero njira ya njinga ya m'mbali mwa mtsinje wa Charles ku Boston imatchedwa dzina lake. Madokotala anasintha maganizo zaka zoposa 60 zapitazo. Ife tikadali pamphasa.

Ndikudziwa ena mwayamba kale kupukusa mutu. "Iwe, ukufuna agogo akagundidwe ndi minibasi pamsewu wa Liwonde?" Funso limeneli ndi lanzeru ndipo sindilinyoza. Msewu wa M3 si malo a munthu wochira kumene. Ndi wopapatiza, m'mbali mwake munadyeka, ndipo amagalimoto ndi anjinga zamoto amaona wakapalasa ngati nkhuku. Ambiri mwa ogona mu wodi ya mafupa anathyokera pamsewu, ena ali panjinga pomwe. Koma ndani wanena za msewu? Njinga zathu zambiri zili ndi sitandi yakumbuyo imene imakweza tayala m'mwamba. Ndi mwana uti sanakalipiridwepo chifukwa chopalasa njinga ya bambo ake ili pasitandi? Nzeru yonse ndi imeneyo. Sitandi ija payokha ndi yogwedera kwa munthu wamkulu wofooka, koma wowotcherera zitsulo aliyense pa Songani akhoza kupanga yotakata miyendo, yogwira tayala lakutsogolo ndi lakumbuyo kuti njinga isapendeke. Mwapeza makina a mafizo pakhonde, opanda magetsi, osaopa kuzima kwa ESCOM.

Kayambidwe kake n'kosavuta, bola kufunsa kaye, paja safunsa anadya phula. Wachipatala anene kuti fupa lagwira, bala lapola, BP yakhazikika. Chishalo chikwezedwe kuti bondo lisapindike kwambiri. Bondo likakana kuzungulira, ayambe ndi theka, kutsogolo ndi kumbuyo, mpaka tsiku lina pedulo lidzadutsa lokha pamwamba. Mphindi zisanu m'mawa, zisanu madzulo, wina ataima pambali. Phazi lofooka limangiridwe pa pedulo ndi kansalu. Amene sangakwere chishalo, gadamizani njingayo, iye akhale pampando azizunguliza mapedulo ndi manja. Ana atalikire masipoko. Muyeso wake ndi kulankhula: akamapalasa akutha kucheza nanu, zili bwino, mawu akayamba kuduka, achepetse. Akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire, kapena mwendo ukatupa n'kutentha, asiye pomwepo apite kuchipatala. Wa shuga avale nsapato ndipo aziona mapazi ake tsiku lililonse. Wakhunyu ndi wosaona bwino akhale pa yosayenda yomweyo. Mphamvu zikabwerera, atuluke pabwalo la mpira kapena njira yafulati ya m'mudzi, m'mawa dzuwa lisanakwere. Zitunda za ku Mishoni zidikire. Kuthamanga sikufika.

Wina anena kuti: "Nanga si akabaza amabwerera panjinga sabata yomwe achotsa chikhakha, bwanji amathyokanso?" Zoona, ndipo kumeneko ndi kulakwa kwina kochokera mbali inayo. Mnyamata amene njinga ndiye munda wake sadikira dokotala, chifukwa kunyumba ufa watha. Amasenza matumba awiri a makala pamwendo wosapola, fupa n'kupindika, n'kukhala wotsimphina moyo wake wonse. Njinga sinalakwe pamenepo, yalakwa ndi njala. Mankhwala omwe amachiritsa ukamwa awiri amapha ukamwa botolo lonse. Tsono magulu a kabaza amene amasonkherana ndalama mnzawo akamwalira, bwanji osasonkherananso ufa wa miyezi iwiri mnzawo akathyoka, kuti apalase mphindi khumi pakhonde m'malo mopalasa makilomita 20 ndi katundu? Timadziwa kugula bokosi. Tiphunzirenso kugula nthawi yoti munthu apole.

Koma tiuzane zoona, chotchinga chachikulu si msewu kapena ndalama. Ndi manyazi. Mphunzitsi wopuma ntchito amene anaphunzitsa ku koleji ya Domasi kapena kugwira ntchito ku MIE akangooneka akupalasa njinga, anthu amayamba: "Mwawaona abwana aja? Zawavuta eti? Penshoni inatha." Ana ake ali ku Lilongwe amaimba foni kuti adadi mukutichititsa manyazi, tikutumizirani ya takisi. Ana omwewo Loweruka m'mawa amalipira ndalama ku jimu kuti akapalase njinga yosapita kulikonse, n'kujambulitsa thukuta lawo pa Facebook. Iwo akapalasa ndi chitukuko, bambo awo akapalasa ndi umphawi.

Matenda a manyaziwa ndi akale. Mishoni ya Domasi inayamba mu 1884, anthu a Church of Scotland atachokera ku Blantyre, ndipo Alexander Hetherwick anagwira ntchito kuno asanakatsogolere mishoni ya Blantyre. M'masiku amenewo mzungu wapaulendo, kaya wa boma, wa esiteti kapena wa mishoni, kawirikawiri ankanyamulidwa pa machila, amuna amphamvu akusinthana mapewa. Makolo athu anaona n'kuphunzira kuti wolemekezeka amanyamulidwa, wopanda pake ndiye amagwiritsa ntchito miyendo yake. Machila anatha, koma phunzirolo linatsala m'mitu. Lero tikafuna kulemekeza wodwala timamunyamula, kumusambitsa, kumudyetsa, kumuyankhira mafunso iye ali pomwepo. Timati ndi ulemu. Mufunseni mwiniwake ngati akuumva ulemuwo pamene mdzukulu akumuvula.

Amayi ndiye ali pa mpanipani woposa. Mtsikana akapalasa palibe amadabwa, kuno kum'mwera akazi amapalasa ndithu. Koma mayi wa zaka 55 amene wadwala sitiroko akati ayese njinga pakhonde, apongozi ndi anzake akumpingo amagwira pakamwa. "Mayi wamkulu ngati inu?" Chikhalirecho mayi yemweyo akangotha kuima, palibe amaona chachilendo kumutuma kumtsinje ndi ndowa pamutu. Ndowa ya malita 20 pamsana wodwala ndi mwambo, koma mphindi khumi za mapedulo ndi chipongwe. Mwambo wotere tiuunikenso bwino.

Otsutsa omaliza ndi aja amati zimenezi n'zachizungu. Inde, nkhani zotchuka zimachokera kutali. Greg LeMond wa ku America anawomberedwa mwangozi posaka mu 1987, n'kutsala pang'ono kufa, koma mu 1989 anapambana mpikisano wa Tour de France ndi masekondi 8 okha. Alex Zanardi wa ku Italy anaduka miyendo yonse iwiri pangozi ya mpikisano wa magalimoto ku Germany mu 2001, ndipo mu 2012 ku London anatenga mamendulo agolide pa njinga yopalasa ndi manja. Anthu amenewa anali ndi madokotala ndi ndalama zimene ife tilibe, ndipo palibe akuti agogo anu akapikisane ku France. Koma njinga yopalasa ndi manja si yachilendo kwa ife. Opulumuka poliyo akhala akuyenda nazo m'misika yathu zaka zambiri, kuchita geni, kulera ana. Iwowa anatiwonetsa kalekale kuti munthu wovulala akapatsidwa matayala amabwerera pakati pa anthu. Mendulo ya munthu wa ku Domasi ndi kufika yekha kuchimbudzi, kenako kutchalitchi kapena kumzikiti, kenako kumunda.

Mu Meyi 2023 mayiko a mu WHO anagwirizana kuti chithandizo chobwezeretsa munthu mphamvu akadwala kapena kuvulala chikhale mbali ya chithandizo cha zaumoyo, kuyambira kuzipatala zing'onozing'ono. Mapepala otere amasainidwa ku Geneva, ndipo tikati tidikire kuti afike okha m'chigwa muno tidzakalamba. Ndiye ndikupempha poyera. Akuluakulu a Sinodi ya Blantyre, Mishoni ya Domasi yakhala ikuphunzitsa ndi kuchiritsa anthu zaka zoposa 140. Kodi n'chovuta kupatula khonde limodzi, kuikapo njinga zitatu zakale pa masitandi, n'kupempha katswiri wa mafizo wa ku Zomba kuti azibwera kamodzi pamwezi kudzaona odwala ndi kuphunzitsa anthu ongodzipereka? Alangizi a zaumoyo amene amayenda m'midzi ndi sikelo ya ana, awonjezeredwe maphunziro a masiku ochepa kuti akapeza munthu wa sitiroko pamphasa adziwe chomuuza. Amayi a Mvano ndi amayi a Dawa, inu mumafika pakhomo lililonse la matenda kuposa dokotala aliyense. Mukatula ufa ndi sopo, funsaninso kuti: "Kodi lero adzuka? Apalasa mphindi zingati?" Mafumu, mukamaweruza za katundu wa wodwala, njinga yake isakhale yoyamba kugulitsidwa.

Ndipo inu apabanja, amene muli ndi munthu pamphasa pamene mukuwerenga izi, musadikire Sinodi kapena Geneva. Pa tsiku lobwerera kuchipatala, tengani buku lake lija mufunse funso limodzi lomveka: "Adokotala, kodi angayambe kupalasa njinga yosayenda?" Akakana, funsani kuti liti. Akavomera, tumani mwana akaitenge njinga ija kwa mphwake amene "akusunga", muipope, muthire oyilo pa tcheni, mupite nayo kwa wowotcherera. Masiku oyamba adzadandaula, mwina adzakutukwanani, ndipo anthu odutsa adzati ndinu ankhanza. Alekeni anene. Anthu omwewo sadzabwera kudzakuthandizani kumutembenuza usiku zilonda zikadzabuka pamsana.